Sienta yanga inagona masiku anayi pa galaja ya pansi pa mtengo wa mango, nazi zomwe ndinaona

Anzanga awiri a kusukulu akufuna kugula galimoto chaka chino ndipo tsiku ndi tsiku akumandifunsa zomwezomwezo, kuti aphunzitsi yanu ija munakapangitsa kuti, nanga anakudyerani zingati. Nde ndati bola ndingofotokoza kamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe, aliyense adziwerengere yekha.

Galimoto yake ndi Toyota Sienta ya 2006, ija ya maso obulungira, injini 1NZ-FE ya 1.5. Ndinaigula mu Ogasiti kwa bambo ena ku Limbe, ndalama yake ngongole ya ku SACCO kuphatikiza ndi yomwe mayi a kunyumba analandira ku banki mkhonde, nde mukuona nokha kuti si ndalama yoti munthu nkuseweretsa. Eni ake anandiuza mawu omwe wogulitsa galimoto aliyense amanena, kuti iyi yangochoka kumene ku sevisi inu kwanu nkungothira mafuta basi. Ndipo poiona inalidi yowala, mipando yochapa, dashibodi yopaka polishi mpaka kuterera, injini ataitsuka mbee ngati sinayendepo pa fumbi. Ndinabwera nayo bwinobwino kudutsa Zomba, Liwonde, Ulongwe mpaka kufika pa boma pano pa Mangochi kutada, osamva kaphokoso kalikonse.

Amene anandikakamiza kupita ku galaja ndi alamu anga. Iwo anagula Vitz zaka ziwiri zapitazo, nayonso ankati yangochoka ku sevisi, anayendera miyezi inayi yokha injini nkunoka pa chitunda cha Chowe akupita ku Namwera ndi banja lonse, ana ali mmbuyo dzuwa lili pamutu. Mpaka lero ili pa njerwa kuseri kwa nyumba ndipo ngongole yake akubwezabe. Atangoona yanga anati mlamu chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, usanyamulemo mwana olo mmodzi isanaonedwe ndi madala a pa mango.

Dzina la malowo sinditchula poti ndinenanso zomwe sizinandisangalatse, komanso olo chikwangwani palibe, anthu amangoti kwa madala a pa mango. Ndi bwalo la mchenga, mtengo waukulu wa mango pakati, kashedi ka malata, dzenje limodzi lolowera pansi pa galimoto, ndi kontena yomwe amasungamo zipangizo. Eni ake ndi bambo achikulire a imvi, osalankhulalankhula, ali ndi anyamata atatu omwe akuwaphunzitsa ntchito. Lachisanu cha mma 11 amatseka kupita ku mzikiti nkudzatsegulanso masana, nde ngati muli ndi changu tsiku limenelo muwerengere zimenezo.

Ndinafika cha mma 3 koloko, maganizo anga ali oti atsegula boneti, asintha oyilo, ndilipira ndizipita. Iwo anaizungulira galimoto kawiri osaigwira nkomwe, kenako anati, "Aphunzitsi, isiyeni igone pompano, mubwere mawa 6 koloko isanalizidwe. Galimoto ikatentha imabisa matenda." Sindinama ndinakayika, galimoto ya masiku anayi kuisiya pa mtetete kwa munthu woti ndamuona lero lomwe. Koma mlonda alipo ndipo alamu anali atanditsimikizira, nde ndinakwera kabaza kubwerera kunyumba. Mwayi inali holide, ndinali ndi nthawi yokhala pomwepo kumaonerera chilichonse.

Mmawa anandiuza kuti ndilize ndine, iwo atanjuta kumbuyo pa ekizozi, mnyamata mmodzi ali ku boneti khutu lili tcheru. Akuti utsi wa buluu ndiye kuti injini ikudya oyilo, wakuda ikumwa petulo wambiri, woyera wokhuthala wosaleka ndiye kuti madzi akulowa mu injini gasketi yapsa. Yanga inatulutsa kautsi koyera kopyapyala komwe kanatha posakhalitsa, anati nthunzi chabe imeneyo. Koma kutsogolo kunamveka krrr kwa masekondi awiri ndipo mnyamata uja anakweza dzanja. Madala anatsegula chotsekera cha pothirira oyilo nkuchitembenuza kundionetsa, pansi pake panali zakuda zomata ngati phula la pa msewu. Anati zikanakhala zoyererako ngati tiyi wa mkaka bwenzi akundiuza kuti ndiibweze komwe ndaitenga, koma izi ndi za oyilo wokhalitsa, zimachiritsika.

Kenako anandifunsa kuti mita ikuti yayenda bwanji. Ndinayankha monyadira kuti 98,000 yokha. Sanatsutse, anangotsegula chitseko cha dalaivala nkuloza kasitika kakang'ono kofwifwa pa felemu, kolembedwa zilembo za ku Japan zoti palibe angawerenge, koma manambala ake akuoneka bwinobwino, 151,000 km. Akuti kameneko amamata a sevisi kumeneko kukumbutsa mwini galimoto podzasinthira oyilo. Ndiye kuti galimoto inali itayandikira kale pamenepo isanakwere nkomwe sitima kubwera ku Dar es Salaam, osawerengera zaka zomwe yayenda kuno. Anandionetsanso labala wa pa pedulo ya buleki, watha mbali imodzi mpaka chitsulo kuonekera, ndi chiwongolero choterera pogwira. Ku Japan galimoto imakayesedwa ikakwana zaka 3 kenako zaka 2 zilizonse, ndipo pa export certificate amalembapo makilomita omwe inali nawo poyesedwa, nde inu amene simunagule, pepala limenelo lifunseni. Ine sindinafunse. Mtima unandiwawa kwambiri, ndinakhala pa tayala kwa kanthawi osalankhula.

Mawu omwe ananena pamenepo ndi omwe andipangitsa kulemba zonsezi. Anati, "Musadwale ndi nambala, 1NZ ikasamalidwa imapita patali kuposa apo. Chofunika ingotengani kuti palibe chomwe chinasinthidwapo mgalimoto muno chibwerere. Zomwe anakuuzani ogulitsa muiwale, tiyambire pa ziro." Anatenga kope la sukulu lakuda ndi girisi nkujambula mizere iwiri kugawa tsamba patatu. Uku analemba zopha anthu, pakati zopha injini, kumapeto zodikira. Nkundiuza kuti ndalama ikachepa tidula kuchokera kumapetoko, koma zoyamba ziwirizo sakambirana ndi munthu, ngati sindikwanitsa bola galimoto iyime kunyumba mpaka nditapeza.

Nkhani yaikulu inali ya madzi. Atatsegula pansi pa redieta munatuluka madzi ofiira ngati a mchithaphwi nthawi ya dzinja, dzimbiri lokhalokha, coolant olo dontho. Atamasula pomwe pamakhala thermostat anapeza mulibemo kanthu, wina anaichotsa kalekale. Ine ndinati si ndiye bwino nanga, poti ndakhala ndikumva amakaniko ambiri akunena kuti kuno nkotentha thermostat ndi ya kumayiko a chisanu. Apa mpamene ndinawaona madala akukwiya koyamba. Anati kachipangizo kameneka kamatseka madzi injini ikadali yozizira kuti itenthe msanga, nkutseguka ikafika pa madigiri cha mma 82, ndiye ukakachotsa injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, kompyuta imangothirabe petulo wambiri poganiza kuti kukuzizira, mafuta amatha msanga ndipo mkati mumaperepeseka. Chinanso, munthu amachotsa thermostat chifukwa galimoto inayamba kuwira, mmalo mofufuza chomwe chikuiwiritsa. Matenda enieni amatsala momwemo. Ndipo analidi momwemo, redieta atayizula tinaona kunja timabowo take tatsekeka ndi fumbi, udzu ndi tizilombo touma, mkati matope, theka lake madzi samadutsa nkomwe. Anaitsuka pafupifupi ola lathunthu mpaka madzi kuyamba kutuluka oyera.

Paipi ya pamwamba anandiuza kuti ndiifinye ndekha, inali yofewa ngati nthochi yakupsa, anati imeneyo ikanaphulika tsiku lililonse. Water pump inali ndi kamzere ka zoyera zouma pansi pake, chizindikiro choti yayamba kudontha. Olo chotsekera cha redieta, kanthu koti ine sindinkakawerengera, labala wake anali wosweka. Pamwamba pake pamalembedwa 1.1, akuti ndi mphamvu ya mpweya yomwe chimagwira kuti madzi asawire akafika pa 100, chikatha madzi amawira msanga nkumatayika pang'onopang'ono iwe osadziwa. Zonsezi tinasintha nkuthira coolant weniweni. Anandiletsa kuthira madzi a kunyanja kapena a pa mjigo, poti mijigo ina kuno madzi ake ndi amchere ndipo ndi omwe amadya redieta mkati, akuti pokhapokha pangozi uli pakati pa msewu, ndipo ukafika ukawakhuthule.

Chomwe chinandiopsa kwambiri nchoti Sienta imeneyi ilibe muvi woonetsa katenthedwe ka injini ngati magalimoto akale aja. Kali kanyali chabe, kamodzi koyaka mmawa injini ikadali yozizira ndi kofiira ikatenthetsa. Ndiye sumaona kuti ikukwera pang'onopang'ono, umangoona kofiira kayaka zinthu zitafika kale poipa, ndipo injini yake ndi ya aluminiyamu, ikawira kamodzi kokha mwamphamvu head, chivindikiro cha pamwamba pa injini, imapindika gasketi nkupsa. Tangoganizani kutentha kwa Mangochi mu Okutobala ndi Novembala, galimoto yodzaza anthu seveni ikukwera Chowe. Ndi zomwe zinawachitikira alamu ndendende, kanyali kanayaka iwo nkuti tingomaliza chitundachi tikaime pamwamba. Madala anati kakayaka kofiira imani pomwepo olo pakhale poipa bwanji, zimitsani, ndipo musatsegule redieta ikadali yotentha, anandionetsa chipsera pa mkono wa mnyamata wawo mmodzi kuchokera pa chigongono mpaka pa dzanja.

Oyilo anatuluka wakuda bii, wolemera, filita yake yopanda olo dzina. Injini imeneyi imalowa malita 3.7 ukasinthira limodzi ndi filita. Ine ndinali nditauzidwa kale ndi madalaivala a pa depoti kuti galimoto yakale imafuna 20W-50 wokhuthala, koma madala anakana, akuti 1NZ ili ndi VVT-i, kachipangizo kosintha nthawi yomwe mavavu amatsegukira, ndipo timipata todutsa oyilo ndi tating'ono, wokhuthala amachedwa kufika pamwamba mmawa, krrr uja mpomwe amachokera. Anati tipeze 5W-30, akasowa 10W-40, koma wa mchigubu chomata bwino chogula pa filling station kapena shopu yodziwika, osati woyeza mmabotolo a mmbali mwa msewu woti sudziwa kuti muli chani. Poti mkati munali mwakuda anati woyambayu ndiyendere makilomita 1,000 okha ndibwere adzakhuthule, kenako pa 5,000 iliyonse chifukwa cha fumbi lathuli. Air filter inali yoti ukaimenya pansi pakutuluka mchenga wodzaza dzanja. Mapulagi anayi aja anali osakaniza mitundu, awiri okha ndi omwe anali oyenera.

Pa giyabokosi ndi pomwe anthu ambiri a ma Sienta akulira, madala akuti mwezi sutha osalandira imodzi yokokedwa. Sienta ya mtundu uwu yoyendera mawilo akutsogolo ili ndi CVT, si automatic wamba ayi, mkati muli lamba wachitsulo woyenda pa ma pulley awiri ndipo imafuna oyilo wakewake, wa Toyota amalemba CVT Fluid TC pa chitini. Munthu akathiramo ATF, oyilo wofiira uja wa automatic wamba, poti ndi wotchipa komanso amapezeka paliponse, lamba amayamba kuterera, galimoto imalira koma osathamanga, imanjenjemera ponyamuka, mapeto ake giyabokosi yonse kufa ndipo mtengo wake ndi wosayamba. Wanga anatuluka wakuda wonunkha ngati zopserera koma mwamwayi munalibe tizitsulo. Oyilo woyenera pa boma pano sitinamupeze, mashopu atatu onse ankafuna kundigulitsa ATF akuti ndi chimodzimodzi, madala anati ayi tidikire. Tinachita kuitanitsa ku Blantyre kubwera pa minibasi, nkutaya tsiku lathunthu. Nthawi imeneyo ndinanyansidwa, pano ndikuona kuti anachita bwino kuumirira. Ndipo anangokhuthula nkuthira wina, sanafune zotsuka ndi makina, akuti giyabokosi yoti yakhala zaka osasinthidwa ukaisukusa mwamphamvu zinyalala zimakatseka pena.

Ndinafunsa za timing belt poti ndi zomwe aliyense amaopseza nazo. Yanga ilibe, ili ndi tcheni, ndipo tcheni chimakhalitsa bola oyilo azisinthidwa. Koma kwa inu amene mukufuna Corolla kapena Carina zakale za injini ya 5A kapena 4A, kapena Hilux ndi Hiace za dizilo za 3L ndi 5L, zimenezo ndi za lamba ndipo amasinthidwa pa makilomita 100,000. Ngati palibe umboni woti anasinthidwa sinthani sabata yomweyo, makamaka za dizilozo, lamba akaduka ikuyenda mavavu amakumana ndi mapisitoni.

Tsopano zopha anthu zija. Ma pad akutsogolo anali atatsala kachidutswa kopyapyala ngati chikhadabo, kumbuyo silinda imodzi ikudontha mpaka ma shoe anyowa, brake fluid wakuda ngati khofi. Sindinkadziwa kuti brake fluid amayamwa chinyezi ndipo amayenera kusinthidwa zaka 2 zilizonse, akakalamba ukamatsika phiri utaponda buleki nthawi yaitali amawira, pedulo imangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Anandiphunzitsa kuti potsika Chowe ndiziika giya pa B injini izithandiza kugwira, osati kungokhalira buleki njira yonse. Chilembo chimenecho ndinkangochiona osadziwa ntchito yake.

Matayala ndi omwe ananditsegula maso. Onse anayi anali ndi mano ooneka bwino, ine nkumati apa pokha ndapulumuka. Madala anapukuta mbali mwa limodzi ndi chala chonyowa nkundionetsa manambala anayi ali mkabokosi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, 2314. Akuti sabata ya 23 chaka cha 2014. Tayala la zaka zoposa khumi, ndipo nditayang'anitsitsa pakati pa manowo panali timing'alu tambirimbiri ngati chidendene chong'aluka. Awiri akumbuyo anali a kaunjika olembedwa studless, opangidwira chipale cha ku Japan, labala wake ndi wofewa, pa tala wotentha wa msewu wa Monkey Bay amatha msanga komanso sagwira bwino mvula ikagwa. Saizi yoyenera ndi 175/70R14. Ndalama inakwana awiri okha atsopano, ena awiri tinasankha abwinoko mwa omwe analipo ndipo ndinawasintha mwezi wotsatira nditalandira. Speya yake ndi kaja kakang'ono, kanali kopanda mpweya, ndipo jeke munalibemo, ogulitsa anachotsa.

Mdzenje muja ndinalowa nawo ndi tochi ya pa foni. CV boot imodzi, labala wophimba joint yozunguza wilo yakutsogolo, inali yong'ambika girisi atamwazika, akuti ndi mchenga wathu uno ukalowamo sipatenga nthawi joint imayamba kulira kokokoko pokhota, labala ndi wotchipa koma joint ndi yodula. Anagogoda pansi ponse ndi kahamala kufuna dzimbiri, poti galimoto zochokera kumadera a chipale ku Japan zimadyeka ndi mchere womwe amawaza mmisewu, yanga inapezeka yabwino. Batire anayeza mavoti 12.6 galimoto itazima, italira 14 ndi kanthu, anati alternator ili moyo. Za mafuta anangonena mwachidule, kuti petulo wa mzigubu nthawi yosowa ija ndizisefa ndi nsalu ngati palibe kuchitira mwina, ndipo ndisazolowere kuyenda kanyali ka mafuta katayaka poti pampu ili mthanki ndipo imazizira ndi petulo yemweyo. Anandikumbutsanso kufananitsa nambala ya chassis ndi ya mu blue book ndikusintha umwini ku Road Traffic ndekha osadzera kwa madobadoba, izo si ntchito yawo koma ananena.

Zoipa zawo nazo zilipo ndipo sindibisa. Nthawi sasunga. Anati masiku awiri, inatenga anayi, limodzi linali la oyilo wa ku Blantyre lija koma linalo anangoisiya yanga nkuyamba minibasi ya munthu wina yemwe anabwera akulira kuti ili pa ntchito, osandiuza kanthu, ine nditakhala pa benchi kuyambira mmawa. Foni sayankha, ukafuna kudziwa pomwe afika upite wekha. Lisiti kulibe, zonse zili mkope lawo lija, ndinachita kujambula tsambalo pa foni kuti ndikhale ndi umboni. Kompyuta yoyezera galimoto alibe, kanyali ka check engine katayaka titatha kutsuka anachita kuitana mnyamata wina wa mtauni yemwe ndinamulipira payekha, nkupezeka kuti pulagi ya sensa ya mpweya anaiwala kulumikiza anyamata awo omwe. Tsiku lotenga galimoto ndinapeza girisi pa mpando ndi pa chiwongolero, ndipo nditafika kunyumba ndinaona timadontho ta coolant pansi, mtima unagunda, kubwerera mmawa mwake kunapezeka kuti kilampu imodzi sanamange bwino. Madala anamanga okha, anawonjezera coolant osandilipiritsa ndipo anapepesa, mnyamatayo anamudzudzula ine ndili pomwepo. Koma ndikanakhala kuti ndanyamuka ulendo wautali tsiku lomwelo bwenzi tikunena zina. Nde mukatenga galimoto kumeneko musathamangire ulendo, igoneni kunyumba pamalo ouma muone pansi mmawa.

China chomwe chimandipwetekabe ndi oyilo wakutha. Dramu ilipo, akuti amagulitsa kwa anthu opaka mitengo ya denga kuopa chiswe, koma anyamata akatopa amangokhuthulira pa mchenga kuseri kwa kontena, nthaka yonse yada. Mvula ikagwa zonsezo zimatsikira ku Shire komwe ana athu amasamba, komwe amayi amachapa, komwe timadya nsomba zake. Ndinawauza madala maso ndi maso, anavomera kuti ndi zoona ndipo tsiku limenelo anakalipa, koma nditapitanso ndinapeza banga latsopano pomwepo.

Pa ndalama sindilemba manambala chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya ma spare sikhala malo amodzi, zomwe ndinagula mu Ogasiti pano zakwera kale. Chomwe ndinganene nchoti lebala yawo ya masiku onsewo inali yosafika mtengo wa matayala awiri atsopano aja, ndipo sanawonjezere olo tambala pa zomwe tinagwirizana poyamba. Zipangizo umagula wekha, amakupatsa mnyamata woti upite naye ku shopu atanyamula chakalecho kuti mukafananitse, ndipo kawiri anabweza zomwe tinagula akuti ndi zabodza, thermostat yoyamba anaiika mmadzi owira pa mbaula ine ndikuona, sinatseguke, tinakabweza. Zakale zonse zomwe anachotsa anandiikira mkatoni mu buti kuti ndione kuti zasinthidwadi. Zonse pamodzi, zipangizo ndi lebala, zinandidyera ndalama yomwe ndinkasungira kupenta nyumba ndi ina pamwamba. Anzanga awiri inu, ngati mthumba muli ndalama yongokwana mtengo wa galimoto basi, simunakonzeke, funani yotsikirapo mtengo kuti mutsale ndi yoyambira pa ziro, poti COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndi inshuwalansi nazo zikukudikirani.

Kodi ndingawatumizire munthu? Eya, makamaka wa Toyota zakalezi, Sienta, Probox, Vitz, Corolla, amazidziwa ngati chikhatho chawo. Wa hybrid kapena galimoto ya mawaya ambiri apite kwina, iwo eni amanena okha kuti zimenezo sagwira. Ndipo ngati mungathe atengeni musanagule, amalola kupita nanu kukaona galimoto mukawalipirira thiransipoti ndi tsiku lawo, ine ndinadziwa mochedwa.

Pa 1,000 paja ndinabwerera, oyilo anatulukanso woderapo koma krrr wa mmawa uja anatha. Mu Okutobala dzuwa lili pa chimake ndinakwera Chowe kukatenga mayi anga ku Namwera kubwera nawo ku chipatala, tinali anthu sikisi ndi thumba la chimanga kumbuyo, ndinkangoyang'ana pa dashibodi njira yonse koma kofiira sikanayake, ndipo potsika ndinaika pa B monga anandiuzira. Loweruka lililonse mmawa ndisanalize ndimatsegula boneti, kuona oyilo pa dipstick, kuona coolant mkabotolo, kusuzumira pansi, mwana wanga wamkulu ndi amene amagwira nsanza. Mu gawo la zodikira mwatsala ma shock akumbuyo, engine mounting imodzi ndi AC yomwe sikuzizira, tinagwirizana kuti ma shock tidzayambe nawo mu Disembala misewu isanaonongeke ndi mvula. Nambala ya sevisi yotsatira analemba ndi maka pa kasolotepi, nkumata pa felemu ya chitseko pansi penipeni pa kasitika ka ku Japan kaja.